Ndodo ya malume pa kamlatho

Lachiwiri ndinagwera m'madzi, abale anga, ndipo wolakwa ndi ine ndemwe.

Ndinkapita kukaona malume anga kufupi ndi Bua. Usanafike pakhomo pawo pali kamlatho ka matabwa awiri, kodutsa munthu mmodzi basi, ndipo bango limabisa amene akuchokera kutsidya.

Malumewa anakalambira pa ntchito ya njanji, kutali uko, poti kwathu kuno sitima ya pamtunda timangoimva m'nkhani. Ankakhala m'kanyumba m'mbali mwa njanji, kukoka zitsulo zosinthira njira ndi kukweza mbendera. Lamulo lawo linali losavuta: njanji ndi imodzi, choncho woyendetsa sitima asalowe asanalandire ndodo yachitsulo m'manja. Ndodoyonso inali imodzi. Wopanda ndodo adikire.

Kenako kunabwera mawailesi ndi mafoni, tinyumba tija n'kuyamba kutsekedwa kamodzikamodzi. Akawasamutsira kwina malume, nakonso n'kutseka. Katatu konse! Mpaka anzawo ankawanena kuti munthuyu asabwere kwathu kuno, amayenda ndi loko m'thumba.

Atabwerera kumudzi, lamulo lija analikhazika pa kamlatho. Anasema ndodo, kuipaka utoto wofiira, kukhoma msomali tsidya lino ndi tsidya lija. Ukaipeza pamsomali, tenga uwoloke. Ikakhala kutsidya, itana, malume akubweretsera.

Ine ndinapeza msomali uli wokha. Ndinati aaa, malume ndi masitima awo, ine ndidikire kamtengo? Ndinalowa ndi nsapato zanga zopolisha. Pakati penipeni, maso ndi maso ndi mayi wina atasenza dengu la mpunga, ndodo ili m'manja. Mpunga unawoloka bwinobwino. Ine ayi.

"Iwe, unali ndi ndodo?" anafunsa malume ndikutuluka m'matope.

"Ayi, malume."

"Ndiye wagwa mwalamulo."

Timakonda kuwaseka anthu otere, si choncho? Timati ntchito inawalowa m'mutu. Koma tikamatseka kanyumba poti foni yabwera, ndani amafunsa kuti zimene munthu uja ankadziwa zipita kuti? Nanga iyeyo kukacha azidzukira chiyani? Foni ndi yabwino, sindikukana, inenso ndinali nayo m'thumba. Sinandiuze kuti kutsidya kukubwera mpunga.

Nsapato zili padzuwa, ndinaona milu ya miyala ndi mchenga pafupi ndi kamlatho. Akuti akudzamanga mlatho wasimenti, wodutsana ngakhale ngolo ziwiri. Mudzi wonse ukusangalala, ndipo n'zoyenera.

"Nanga malume, wasimentiyu akatha mudzatani?" ndinafunsa mwanthabwala.

Anayang'ana miyala ija, akusisita ndodo yawo.

"Kunditsekera kachinayi," anatero.

Kuseka konse kunandithera.

Pobwerera ndinaima pamsomali paja. Kutsidya kunalibe munthu, ndinkadziwa ndithu. Komabe ndinaitana mokweza, n'kudikira mpaka malume anandibweretsera ndodo.