Mbaula Itachoka Pakhonde

Bambo anga anabadwira ku Nsanje, komwe munthu amatuluka thukuta ngakhale atangokhala pamthunzi osagwira kanthu. Mayi atamwalira ndinakawatenga kuti tizidzakhalira limodzi ku Soche, m'nyumba yomwe ndimachita lendi m'munsi mwa phiri. Chifuwa chawo chinali chitayamba kale kuvuta, ndipo kumudzi kunalibe wowaperekeza kuchipatala. Kuno ndinkatha kupempha ku ofesi kuti ndiweruke msanga n'kupita nawo. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi, kuti akhale pafupi ndi dokotala komanso pafupi ndi ine.

Chimene sindinachiganizire ndi chisanu. Munthu wa kuchigwa ukamubweretsa ku Blantyre mwezi wa Juni, ndiye kuti wamulanga. Chiperoni chikatsika m'phiri, chifunga chimafika mpaka pakhomo, mvula yamawawa osaleka, zovala pachingwe osauma. Bambo ankavala majuzi awiri, chipewa chaubweya ndi masokosi anga a kutchalitchi, koma mano ali gwegwede.

"Dziko lanuli ndi la achule," ankatero. "Munthu wanzeru sangamange kuno."

Chomwe chinawapulumutsa chaka choyamba ndi mbaula. Masana aliwonse ankaisonkha pakhonde, ndipo posakhalitsa khonde langa linasanduka bwalo. Kunkabwera mkulu wina wa ku Chikwawa amene anapuma pa ntchito yaulonda, wokhala kuseri kwathu. Kunkabweranso mkulu wa mpingo, ndi ena omwe sindinkawadziwa n'komwe, bola akhale a kuchigwa. Ankaotcha mbatata, kukangana za ng'ombe ndi za madzi osefukira a zaka zakale, Chisena chili pakamwa ngati ali kwawo. Ine pochoka kuntchito ndinkapeza phulusa ndi makoko mbwee, ndipo ndinkanyinyirika mokweza kuti amve. Sankandimva. Bambo ankakhala akuseka mpaka kutsokomola, kutsokomola mpaka misozi. Anzawo akabalalika, ankanyamula mbaulayo ndi makala ake otsala n'kulowa nayo kuchipinda.

Dokotala atawapima chifuwa chaka chotsatira, anandiyang'ana ine osati iwo. Anati utsi wa makala ukumaliza mapapo awo, ndipo kugona ndi mbaula m'chipinda chotseka kwapha anthu amphamvu kuposa iwowa. Tinatuluka m'menemo n'kubwerera kunyumba. Ndinalumbira kuti mbaula ija yaona khonde langa komaliza.

Ku ofesi kwathu m'tauni kuli eyakoni. Ine ndinkadziwa kuti ntchito yake n'kuziziritsa basi, mpaka mnzanga wina anandionetsa kuti imathanso kufunditsa. Ndinafunsafunsa mpaka ndinapeza mmisiri ku Limbe amene anabwera kudzaiika. Anali munthu wolankhula bwino. Anafotokozera bambo kuti makinawa saotcha kanthu, amangotapa kutentha mumpweya wa panja n'kukulowetsa m'nyumba, choncho sadya magetsi ngati hita ya mawaya ofiira ija. Mwezi wa Okutobala ukadzafika adzachita zosiyana, kutulutsa kutentha panja.

Bambo anasuzumira pawindo, chifunga chili tolotolo. "Panja pomwe pakuzizirapa ndi pomwe mukatape kutentha?"

"Zimatheka, madala," anatero mmisiriyo akuseka. "Koma chitseko ndi mawindo muzitseka. Apo ayi mukhala mukufunditsa Soche yense."

Pabalaza sipakanatheka. Palibe siling'i, ndipo chitseko chake sichikhazikika ndi ana a eni nyumba olowa ndi kutuluka. Motero makinawo anapachikidwa kuchipinda kwa bambo, pamwamba pa bedi, bokosi lake lina panja pa khoma.

Ndisaname, chinthucho chinagwira ntchito. Ukalowa m'chipindamo unkamva ngati wafika ku Bangula. Bambo anavula juzi imodzi. Kutsokomola kunachepa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinkagona osatchera khutu kukhoma. Ndinadzitama ku ofesi, ndinadzitama kutchalitchi, ndinauza aliyense kuti makala ndi umbuli. Pakamwa panga panalibe chotsekera masiku amenewo.

Koma mwamuna salowa kuchipinda kwa mwamuna mnzake. Izi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana, kungoti sindinazilumikize ndi makina anga. Anzawo aja ankabwera monga mwa nthawi zonse, kuodira pakhonde, bambo n'kutuluka. Ankakhala pamipando yomwe ija, pakati pawo palibe kanthu, manja ali m'khwapa. Moni ukatha, nkhani zinkatha. Mphepo inkawomba, wina n'kukumbukira kuti ali ndi kopita.

Mkulu wa ku Chikwawa uja analimba mtima tsiku lina Loweruka, ine nditamukakamiza. Anavula nsapato pakhomo la chipinda, analowa chowerama ngati akukaona wodwala, n'kukhala m'mphepete mwa mpando. Anayang'ana makinawo nthawi yaitali.

"Nanga manja tiloza kuti, mayi?" anandifunsa.

Sanabwererenso m'chipindamo. Pasanapite nthawi bwalo lonse linasamukira kwa iye, komwe mbaula inkayaka popanda woiletsa. Khonde langa linayera. Ndinkasesa kamodzi pa sabata, ndipo ngakhale pamenepo panalibe chosesa.

Kenaka magetsi anayamba khalidwe lawo. Kuzima kwa magetsi ku Blantyre si nkhani, tinakula nako. Koma chaka chimenecho ankazima ngati akuchitira dala, masana chisanu chikamayamba kuluma mpaka anthu atadya. Makina aja ankangoti zii pakhoma. Bambo ankatsala m'chipinda chotseka, chozizira, atadzikulunga mabulangeti, opanda moto komanso opanda munthu. Ine ndikafika ndinkapeza kuti chophikira changa chamagetsi nachonso chafa, ndiye ndinkatulutsa mbaula yomwe ija kuseri kwa nyumba n'kuphikirapo mobisala. Fungo la makala silibisika.

"Moto wako ulipo," anatero bambo tsiku lina ndikuwapatsira chakudya. "Wanga ndiye woletsedwa."

Mawu amenewo anandikwiyitsa kwambiri. M'mawa uliwonse popita kukakwera minibasi ndimakumana ndi anthu a njinga atasanja matumba a makala kuposa msinkhu wawo, ochokera kutali chifukwa kuno mitengo inatha. Phiri lathu ladazi timaliona tonse. Tonse timadandaula, tonse timagula. Ine ndinayesa kutulukamo, ndinagula chinthu choyenera, ndinachita zonse zomwe anthu ophunzira amanena. Ndipo ndinali pomwepo, nditanyonyomala kuseri kwa nyumba, ndikukupiza makala ndi chivundikiro cha poto.

Lachisanu lina ndinaweruka msanga ndipo bambo sindinawapeze kunyumba. Ndinakawapeza kwa mkulu wa ku Chikwawa uja, m'kakhitchini kamalata kodzaza utsi, atayandikira mbaula mpaka maondo kufuna kupsa. Ankatsokomola moti ndinawamvera kumsewu. Nkhope yawo inali yowala kuposa momwe ndinaionera mwezi wonsewo. Ndinawapatsa moni akuluakuluwo mwaulemu, koma titangofika kunyumba ndinaphulika. Ndinawakumbutsa mawu a dokotala. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti ndidzawanyamule m'bokosi. Mpaka lero sindiona kuti ndinanama pa chilichonse chomwe ndinanena.

Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Mwananga, takhuta," anatero, kuthokoza m'Chisena chawo. "Wandigulira mpweya wofunda. Koma mpweya suyankha moni. Mpweyawo ukabwera ndikhala ndekha, ukachoka ndikhala ndekha ndikuzizidwa. Ndipita kwathu. Kumeneko dzuwa salizimitsa."

Ndinachonderera sabata yonse. Ndinati ndifufuza za sola, ngakhale ndinali nditafufuza kale n'kupeza kuti yokwanira kuyendetsa makina otere si ya munthu ngati ine. Ndinati chisanu chitha posachedwa, apirire pang'ono. Anati chaka chamawa chibweranso. Ndinati kumudzi azakhali okalamba omwe akakhale nawo amaphikira nkhuni m'nyumba, utsi wake woposa wa makala, chipatala chili kutali, mankhwala akatha adzawatengera ndani? Anavomera zonse ndi mutu. Sankatsutsa chilichonse, ndipo m'pamene ndinadziwira kuti ndagonja. Ndinatsala pang'ono kunena kuti chabwino, mbaula ibwerere pakhonde. Mawuwo anakana kutuluka, chifukwa ndinali nditamva ndi makutu anga zomwe utsiwo ukuwachita. Kaya kuno kaya kumudzi, chowapha chinali chomwecho. Kusiyana kwake kunali kwakuti kumudzi sindidzakhalapo.

M'mawa wa ulendo ndinawathandiza kulongedza. Mankhwala ndinawaika pamwamba, ndikubwereza kamwedwe kake ngati ndikuphunzitsa mwana. Ndinawauza kuti dokotala akufuna kudzawaonanso mvula isanayambe, ndipo ndidzabwera ndekha kudzawatenga. Anati chabwino.

Kenaka anatsegula kabati n'kutulutsa suti yawo yakuda, yomwe inali m'pulasitiki. Anaiyala pabedi, anaipinda mosamala, manja ake mkati, n'kuyamba kuipezera malo m'chikwama chodzaza kale.

"Imeneyo isiyeni, bambo," ndinatero. "Kutentha kwa ku Nsanje mukaivala liti? Mudzaipeza mukadzabwera."

Sanandiyang'ane. Anapitiriza kukanikiza ndi chikhatho kuti zipi itseke.

"Ikhale pafupi," anatero. "Ingadzakuvute kutumiza mothamanga."