Miyala ya Laimu ya a Tembo

Ntchito ndinaipeza kudzera kwa mnzanga wa m'kwaya, amene anamva kuti kabungwe kena kakufuna munthu woyenda m'midzi ya Nkomeshya kuphunzitsa anthu osaona bwino. Kabungweko kanandipatsa njinga, ndodo zoyera zitatu, galasi lokuzira zilembo, burashi ndi thumba la laimu. Bwana wanga anali a Mwanza, munthu wa tayi ngakhale pa dzuwa la Okutobala, wodziwa za kamera kuposa za maso a anthu.

Oyamba kuwaphunzitsa anali a Tembo, mlimi wa tomato amene maso awo anatsala kuona zoyera zokha, ngati m'chifunga. Chimene chinkawadya mtima n'chakuti kuchimbudzi ankachita kuwatsogolera mpongozi wawo. Ndinapaka miyala laimu n'kuindandalika kuchoka pakhomo mpaka kuchimbudzi, ndinapakanso mphuthu za chitseko. Masabata atatu tikuyeserera: ndodo kumanzere, kumanja, maso pa miyala. Kenako anayamba kupita okha akuimba mluzu.

Tsiku lobwera alendo opereka thandizo, a Mwanza analawirira. Ine ndikufika, miyala yonse aizula, aifoletsa bwinobwino m'mbali mwa njira yolowera galimoto.

"Ba Mwanza, iyo miyala ni maso ya ba Tembo," ndinatero.

"Iwe, mavizita afunika kuona kuti pano pali pulojekiti. Enda ukatenge mipando."

Ndipo ine, chitsiru, ndinapitadi kukatenga mipando osawauza a Tembo. Zolankhula zili mkati, mkuluyo anadzuka mwakachetechete n'kutsata zoyera monga ndinawaphunzitsira. Miyala inawafikitsa pa galimoto ya alendo. Anaima pamenepo akupapasa chitseko chake, a Mwanza ali kalikiliki kujambula, ati taonani akuyenda okha. Alendo n'kuwomba m'manja. Pamene ndimathamangira, thalauza la a Tembo linali litanyowa kale.

Miyala ndinaibwezera tsiku lomwelo, koma a Tembo sanaitsatenso. "Mwana wanga, nisiye chabe," anatero, n'kupempha chitini choika kuchipinda.

Chithunzi chija a Mwanza anachipachika mu ofesi, atachidula m'chiuno. Munthu ameneyo ndimamunyoza mpaka lero, ndipo sindibisa. Koma nanenso mipando ija ndinanyamula ndi manja angawa. Chichokereni tsiku limenelo, pakhomo pa munthu wosaona bwino sindisuntha ngakhale kapu ndisanamuuze mwini wake, kaya wandituma ndani.