Mwaye wa M'lole Yanga

Loleyo ndinaigula nditakhala chaka chathunthu ndi miyezi ingapo ndisali pantchito. Kampani yosunga katundu imene ndinkagwirako ku Mulhuddart, kuno kumayiko a azungu, inatseka chuma cha dziko lino chitagwa, ndipo tonse tinauzidwa tsiku limodzi kuti tisabwerenso, eni dziko ndi alendo omwe. Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlonda wa pakhomo. Ndinkaperekeza ana kusukulu, kubwerera kudzachapa, kenako n'kukhala pawindo kumaonerera mvula. Mkazi wanga, amene amasamalira okalamba m'makomo mwawo, anafika posiya kutenga kiyi wa nyumba. Ankadziwa kuti nthawi iliyonse imene angafike andipeza ndipo ndimutsegulira. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi, koma kiyi wakeyo ankandipweteka mtima kuposa mawu. Kiyiyo anangokhala m'dirowa ya kukhitchini pamodzi ndi mabatire akutha ndi makandulo a tsiku lobadwa la ana.

Inali lole yaing'ono yoyera, ya dizilo, ya bokosi kumbuyo, imene munthu amayendetsa ndi laisensi ya galimoto wamba. Mwini wake anali kalipentala amene ankasamukira ku Australia, monga ankachitira anthu ambiri masiku amenewo. Chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chija kwathu timati COF, chinali chitatsala milungu itatu kuti chithe. Zimenezo sizinandidetse nkhawa. Ndinali nditapangana kale ndi mkulu wina wogulitsa mipando yakale ku Coolock kuti ndizimunyamulira katundu kupita kwa makasitomala. Iye anandiuza chinthu chimodzi chokha: ndimusonyeze chiphaso chatsopano pofika Lolemba loyamba la mwezi wotsatira, apo ayi ntchitoyo apatsa munthu wina amene ankabwera kudzaipempha tsiku ndi tsiku.

Kuyendetsa lole ndinaphunzira kwa malume anga, amene ankanyamula mbatata ya kachewere kuchokera ku Dedza kupita ku Blantyre. Malume ankaumira dizilo ngati magazi awo. M'mawa ankaliza injini n'kuisiya ikulira yokha pang'onopang'ono iwo akumwa tiyi. Pamsewu sankalola kuti ikweze mawu. Ikangoyamba, ankasintha giya. Pamtsetse uliwonse ankaika pa fili, lole n'kumatsika yokha mwakachetechete. Ine ndikaponda moto mopitirira pang'ono ankandimenya bondo ndi chipewa.

"Iwe, ukufuna kuipha? Yakulakwira chiyani?"

Ndinakula ndikukhulupirira kuti dalaivala weniweni ndi ameneyo, ena onsewa ndi opha magalimoto. Ndipo pa mndandanda wa opha magalimotowo, woyamba anali mkazi wanga. Kagalimoto kake ka kuntchito amakathamangitsa ngati kam'tukwana. Chifukwa ali nacho, poti wokalamba wina amakhala akudikira mankhwala uku, wina akudikira kusamba uko, koma ine sindinkamva zimenezo. Ndikakwera ndinkangolalata njira yonse, "Mayi, giya! Mayi, kodi injiniyi simukuimva?" Tsiku lina anaima pambali pa msewu n'kundifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kutsika. Dzina lake ndinalilembetsa pa inshuwalansi ya loleyo chifukwa anaumirira, koma mumtima ndinalumbira kuti chiwongolero chake sadzachigwira.

Milungu itatu ija loleyo ndinailera ngati khanda. Ndinaitsuka, ndinasintha oilo, mababu ndi mawaipa. Bambo wansembe wa kwathu, amene amatichitira Misa ya Chichewa kamodzi pamwezi, anaiwaza madzi odalitsa matayala onse mpaka la sipeya. M'mawa uliwonse ndinkailiza n'kuisiya theka la ola pakhomo, mpaka mayi woyandikana nafe anayamba kutseka windo mwamphamvu kuti ndimve. Ndikatero ndinkapita nayo kushopu, kuzungulira pang'ono m'dera lathulo, n'kubwera kudzaiimika. Kumsewu waukulu sindinapite nayo n'komwe, poti ndinkaisunga kuti ikafike kwa oyesa magalimoto ili ndi mphamvu zake zonse.

Tsiku loyesa ndinafika kukadali ola lathunthu. Kunkazizira kwambiri. Ndinazimitsa injini kuti ndisawononge dizilo, n'kukhala m'menemo manja ali m'khwapa. Woyesayo anali bambo wamfupi wa ndevu zofiira, wosalankhula zambiri. Mabuleki, magetsi, matayala, kunsi konse, zonse zinali bwino, ndipo ine ndinayamba kale kumwetulira. Kenako analowetsa kapaipi ka makina ake mu ekizozi, n'kukwera pampando wanga. Anaponda moto mpaka pansi.

Loleyo inakuwa mawu amene ndinali ndisanawamvepo. Kumbuyo kunatuluka utsi wakuda bii, tolotolo mpaka kudenga. Ndinatsala pang'ono kuthamanga kuti ndikamukoke mwendo. Anabwereza kangapo, ine ndili chilili, maso nditatseka. Atatsika anandipatsa pepala losonyeza kuti yalephera pa utsi, n'kundifunsa kuti ndimaiyendetsa bwanji. Ndinamuyankha monyadira kuti ndimaisamala kwambiri, sindiikakamiza. Anaseka pang'ono n'kunena mawu ena mothamanga, koma makutu anga anali atatsekeka ndi mkwiyo moti sindinatolepo kanthu. Tsiku lobwereza anandipatsa Lachisanu, lomaliza lisanafike Lolemba la mkulu wa mipando uja.

Ndinabwerera kunyumba nditagwa mphwayi. Ndinkaganiza kuti ndagula injini yakufa, ndipo manyazi anandigwira kwambiri. Aliyense kutchalitchi anali ataiona loleyo ikudalitsidwa, ndipo ena anali atayamba kale kunditchula kuti abwana a transipoti. Madzulo amenewo mkazi wanga anagogoda monga mwa masiku onse, ine n'kukatsegula. Anandiyang'ana kumaso, anangondigwira paphewa n'kulowa.

Lachitatu kunabwera mnzanga wa ku Zambia amene timaimba naye kwaya, yemwe amayendetsa mabasi a mumzinda muno. Anamvetsera injini, anayang'ana pepala lija, kenako anapisa chala mu ekizozi. Chinatuluka chakuda ndi mwaye, ndipo anachiimika pamaso panga.

"Mudala, iyi motoka ilibe problem. Problem ndimwe."

Ndinamuuza kuti asandinyoze pakhomo panga.

"Sinikunyozani. Muyendetsa monga mwanyamula mazai. Diesel ifuna kupya. Muitenge pa motorway, third gear, fourth gear, muiponde mpaka ilire, forty minutes. Manje mukafika ku test, osazimya. Ingene yakupya."

Ndinamufotokozera za malume, kuti lole yawo inakhala zaka zambirimbiri popanda kuikuwitsa chotero. Iye anandisiya mpaka nditamaliza.

"Ba malume banu benze kukwera mapili na load ya mbatatisi, Dedza to Blantyre. Iyo motoka yenze kusebenza. Imwe muyenda ku shop, two minutes, mwabwela. Yazula chabe na mwaye."

Ankatanthauza kuti injiniyo inangodzaza mwaye chifukwa sinkagwira ntchito yolemetsa. Ndinakumbukira lole ya malume ikukwera chitunda itadzaza matumba mpaka pamwamba, injini ikubuula, ife thukuta kamukamu chifukwa cha kutentha kochokera pansi pa mpando. Kwa malume ndinatengako kufatsa kokha, katundu ndi zitunda n'kuzisiya kwathu komweko.

Lachisanu mkazi wanga anasinthana nthawi ya ntchito ndi mnzake kuti andiperekeze. Titasiya ana kusukulu tinalowa msewu waukulu wolowera kumpoto, iye ali pambali panga mu yunifolomu yake yabuluu. Ndinali nditatsimikiza mtima kuti ndichita zimene mnzanga uja ananena. Ndinaponda moto, injini inayamba kukweza mawu, ndipo phazi langa linadzuka lokha. Ndinayesanso, dzanja n'kuthamangira kukasintha giya ndisanalitume. Ndinkachita kumva chipewa cha malume pabondo. Tinayenda mtunda ndithu chomwecho, magalimoto akutipitirira. Titayandikira Swords mkazi wanga anandiuza kuti ndipatuke, ndiime pamalo omwetsera mafuta.

"Bambo, tsikani."

"Mayi, iyitu si kagalimoto kanu kaja."

"Ndikudziwa. Test ndi eleven o'clock, pano ndi half nine. Mukufuna ntchito kapena mukufuna kuinyengerera? Tsikani, koma musazimitse."

Ndinatsika. Anakokera mpando kutsogolo, anakonza magalasi, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kubwerera mumsewu waukulu. Anaika giya yachitatu n'kuisiya pomwepo. Injini inalira, inakuwa, chiwongolero chikunjenjemera, ndipo iye sanasunthe phazi. Ndinayang'ana pagalasi la mbali yanga. Utsi umene unkatuluka kumbuyo unali wochititsa manyazi, moti galimoto imene inkatitsatira inabwerera m'mbuyo n'kusintha mzere. Ndinagwira kolona imene inkalendewera pagalasi la pakati. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za giya, iye n'kundiyang'ana ndi diso limodzi, ndinatsekanso.

Anaika yachinayi, n'kuipondanso. Sanapitirire liwiro lololedwa, koma injiniyo sanaipatse mpata wopuma. Patapita mphindi zingapo utsi uja unayamba kutuwa. Kenako unkangotuluka pang'ono akaponda mwamphamvu. Pamene tinkapatuka kulowera ku Skerries, pagalasi sindinkaonanso kanthu koma msewu ndi minda ya kabichi. Ngakhale kaliridwe kake kanasintha, kanamveka kopepuka ngati munthu amene watsokomola chimene chinamutsamwitsa.

Pa doko la Skerries tinaima pang'ono injini ikulira. Mphepo ya kunyanja inkagwedeza bokosi la kumbuyo, ndipo mabwato a asodzi anali atamangidwa mwakachetechete. Ndinkayembekezera kuti andikumbutsa zaka zonse zimene ndakhala ndikumulalatira, poti mpata unali umenewo. Iye anangopukuta manja pa yunifolomu n'kuseka.

"Koma ndiye n'njokoma loleyi, bambo. Muzindibwereka."

Ndinamuuza pomwepo kuti ndinamulakwira, kuti ndakhala ndikumunena popanda chifukwa. Mawuwo anatuluka movuta koma ndinawanena onse. Anandiyankha kuti wamva, ndipo zotsalazo tikambirana ikapambana, n'kutembenuza lole.

Kwa oyesa magalimoto, ku Coolock komweko, tinafika kutatsala mphindi zochepa. Kutsogolo kwathu kunali galimoto imodzi imene inali isanamalize. Tinasinthana mipando, ine n'kukhala pachiwongolero kudikira. Sindinadziwe n'komwe kuti dzanja langa lapita pa kiyi kuti lizimitse, ndinangomva kuwawa pabondo. Mkazi wanga anali atandimenya ndi chipewa chake cha ubweya.

Woyesa anali yemwe uja wa ndevu zofiira. Analowetsa kapaipi kake, anakwera, anaponda mpaka pansi. Ulendo uno sindinatseke maso. Loleyo inakuwa monga kale, koma kumbuyo kunangotuluka kautsi kochepa kamene kanazimirira pomwepo. Atabwereza kangapo anatsika, anayang'ana makina ake, n'kundifunsa kuti ndinapita nayo kwa makaniko uti. Ndinaloza mkazi wanga, amene anali ataima pakhomo akuyang'ana wotchi chifukwa wokalamba wake wa masana ankamudikira. Bamboyo anamuvulira chipewa.

Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo, chisangalalo chimene ndinali nditachiiwala. Chiphasocho ndinapita nacho kwa mkulu wa mipando masana omwewo, osadikira Lolemba. Anachiyang'ana mbali zonse n'kundiuza kuti ndifike Lolemba m'mawa, pali kabati ya zovala ndi mipando iwiri zopita ku Skerries. Ndinamuuza kuti njirayo ndikuidziwa bwino.

Malume sindinawauze nkhaniyi mpaka lero. Tikamalankhula pafoni amandifunsa ngati ndikuisamala loleyo, ine n'kuyankha kuti kwambiri, ndipo sindinama. Kungoti Lamlungu lina lililonse tikachoka ku Misa, mkazi wanga amaitenga kupita nayo kumsewu waukulu, ine ndili pambali, pakamwa nditatseka.

Lolemba lija tinadzuka tonse kuli kamdima. Ana anavala, ine ndinaika chakudya changa cha masana m'chikwama, chinthu chimene ndinali ndisanachite kwa nthawi yaitali. Tinatuluka tonse pamodzi, ndinakhoma chitseko, n'kuyamba kulowera ku lole. Mkazi wanga anali atafika kale pa kagalimoto kake pamene anaima mwadzidzidzi.

"Bambo, dikirani. Ine ndiweruka three o'clock. Anditsegulire ndani?"

Tinayang'anana. Ndinabwerera kukatsegula, iye n'kuthamangira kukhitchini. Ndili pakhomo ndinkamumva akusakatula m'dirowa muja, mabatire akugubuduka, akudandaula kuti achedwa ndiponso kuti m'nyumba muno zinthu sizikhala pamalo ake. Anatuluka akupukuta kiyi uja ndi chala n'kumumangirira pamodzi ndi wa galimoto.

"Muli kuseka chiyani?" anandifunsa.

Ndinamuuza kuti palibe. Anakhoma yekha chitsekocho, ndipo aliyense analowera kuntchito kwake.