Wailesi M'nyumba ya Zitsulo

Ndimakumbukirabe fungo la mabatire otentha ndi dzuwa. Amayi ankawayanika pamalata m'mawa kuti apezeko mphamvu, chifukwa masana wailesi inkawerenga mauthenga a maliro. Inali nyengo yotentha ija bambo atatengedwa ndi abale awo kupita kumudzi ku Katete, akudwala chifuwa. Foni tinalibe. Ngati akanamwalira, tikanamvera pa wailesi ngati wina aliyense m'dera lathu la Kalingalinga.

Bambo anali wowotcherera zitsulo, ndipo panyumba pathu anachita kunyanya: zitsulo m'mawindo, chitseko chachitsulo, malata pamwamba. Akuba sankalowa, koma mawu a wailesi nawonso ankalowa movutikira. Pakhomo inkamveka bwinobwino. Ukaisunthira patebulo, mawu ankazilala ngati munthu akulankhulira m'ndowa. Kuchipinda, kuseri kwa kabati, kunkangotsala kuthetheka. Ine Tisa, mwana woyamba, ndinkagwira mlongoti wake, mkono uli m'mwamba mpaka kuchita dzanzi.

Masiku oyamba tinkamvera pakhomo. Kenaka amayi anasamukira patebulo, ati pakhomo pachuluka fumbi. Kutentha kutafika poipa tinali kuchipinda, titakhala pabedi, thukuta lili kamukamu, tikumva mayina oduka pakati. Nditawauza kuti panja pakumveka bwino, anangondiyang'ana. Sitinkaseka, sitinkalira. Tinkangodya, kugona, kudzuka.

Tsiku lina tili momwemo, wailesi ikungosokosera, ndinamva mapazi pakhomo. Anali amake Joisi, ogulitsa makala, amene wailesi yawo inkakhalira panja pamwamba pa matumba. Anavula patapata n'kukhala pansi osapereka moni. Kumbuyo kwawo kunali azimayi ena a kutchalitchi, aliyense atamanga chitenje.

"Bamake Tisa, simunamvele pa wailesi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Muno siigwila," anayankha amayi.

Anaizimitsa, n'kundiuza kuti nditsitse mkono. Kenaka anayamba okha kutulutsa mipando panja, monga zimachitikira panyumba ya maliro, kuti olira apeze pokhala. Ine ndinanyamula katebulo. Sindinamve chilichonse mumtima, ngakhale chisoni.

Nthawi imeneyo mlandu ndinaupereka kwa zitsulo za bambo, kuti zinatitsekera uthenga panja anthu ena n'kuyamba kuumva. Lero ndikudziwa kuti amayi ankaidziwa nyumba ija kuposa ine. Wailesi ankayatsa ndithu, poti mkazi wa wodwala ayenera kumvetsera, koma ankaiika pamene dzina la mwamuna wawo silikanawapeza.