Chimanga cha mu Novembala

Chidali chitini cha mkaka chobendeka m'mbali, ndipo m'kati mwake mudali mbewu ya chimanga yothira phulusa kuti anankafumbwe asaiboole. Amalume ndiwo adabwera nacho kuchokera ku Dedza. Agogo, bambo awo a amayi, adamwalira mu Julayi chaka chimenecho, ndipo chimangacho n'chomwe adakolola komaliza. Amayi sadapite kumaliro. Mapepala awo okhalira m'dziko lino adali asanatuluke, akadapita sakadabwereranso kuno.

Ine ndidali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mwana wa ku Edmonton, dera lina la mu London, wodziwa Malawi ndi makutu okha. Amayi akaweruka kuchipatala komwe ankagwira ntchito ya unamwino, ankandisimbira za mapiri omwe munthu umayenda tsiku lonse osawamaliza, za fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa, za ngumbi zokazinga ndi bowa wa m'nkhalango. Ine ndinkangoti, "Okay, Mum," maso ali pa TV. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Tidali ndi kadimba kathu ka khonsolo pafupi ndi njanji. Loweruka lina m'mawa, mu Novembala, amayi adaimba foni kumudzi. Ataika foniyo adangoti, "Kwathu yagwa. Vala jekete, tiye." Adanyamula khasu ndi chitini chija.

Kunkazizira koopsa. Zala zanga zidachita dzanzi, mamina ali chuchuchu. Amayi adaunda mizere itatu, adavula nsapato, nayamba kuponya mbewu zitatuzitatu n'kumafotsera ndi chidendene. Bambo wina wachikulire wa ku Jamaica, mwini dimba loyandikana ndi lathu, adapukusa mutu n'kuwauza kuti chimanga kuno n'cha mu Meyi, chisanu chipha zonse. Amayi adamuthokoza mwaulemu, n'kupitiriza mpaka mbewu yonse idatha.

Sichidamere ngakhale chimodzi. Ndidakwiya nazo zedi. Munthu wophunzira chonchija, n'kutaya mbewu ya agogo chifukwa cha makani! Pakamwa panga padalibe chitseko masiku amenewo, choncho ndidawauzadi. Iwo adangoti, "Bambo uja ndidamumva, mwanawe."

Amayi adali atakhala ku London zaka khumi, nyengo zake ankazidziwa kuposa ine. Chomwe sindinkatha kumvetsa n'chakuti m'mawa umenewo abale awo onse adali m'munda wa agogo, kubzala koyamba mwini wake kulibe. Amayi adalephera kuponya dothi m'manda a bambo awo, ndipo sadafune kujombanso tsiku lobzala.