Kunyamula Apongozi pa Shoko Yakutha

Tinanyamuka ku Barking dzuwa litangopendeka, ine kutsogolo, apongozi anga kumbuyo, ndipo pakati pathu panali mpata woti n'kukhalapo munthu wachitatu.

Ndiyambe ndafotokoza chomwe chinatifikitsa pamenepo. Mkazi wanga Esnati amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Wembley, kutsidya lina la London, ndipo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Mayi ake, aNabanda, anali atabwera kuchokera ku Linthipe kudzadikira mdzukulu. Tsikulo Esnati anapita kuntchito bwinobwino. Masana foni inalira. Anali mnzake wogwira naye ntchito, Mmalawi mnzathu.

"Alamu, musachite panic, koma nsupa yasweka. Ambulance yamutenga kale. Akuti baby wagona mopingasa, ndiye mwina ikhala operation. Akungoitana mayi ake."

Masitima tsikulo sankayenda, ogwira ntchito anali pa sitalaka. Ku sitediyamu ya Wembley kunalinso mpira, magalimoto atathinana ngati nyerere pa fupa. Takisi ya pafoni inati ifika pakatha ola, pamtengo wa thukuta langa la masiku awiri, ndipo ikanakangoima nawo pamzere womwewo. Chotsala chinali njinga yanga yamoto, yomwe ndimagawira katundu m'makomo mwa anthu.

Inu amene simunakwatire kwathu ku Dedza mwina simungaone vuto. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, kukhudzana ndiye musanene. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. M'kanyumba kathu ka lendi mulibe tchire, ndiye tinkapatukira kukhitchini. Mawu onse ankadzera mwa Esnati. "Uwauze kuti madzi awira," iwo akutero ine ndili pomwepo, ketulo ili m'manja mwanga. Tsopano wotiperekera mawu uja ndi amene anali kuchipatala.

Ndinaima pakhomo n'kuuza fuliji kuti njira yachangu ndi njinga basi. Apongozi anayankha atayang'ana pawindo.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Eni njingayo adziwe kuti ndikubwera."

Anatuluka atavala thalauzi la Esnati mkati mwa chitenje, chisoti cha njinga pamwamba pa duku, kumsana atabereka chikwama cha zitenje ndi fulasiki ya phala. Anati mayi wochira sangadalire tiyi wakuchipatala. Ndinachotsa bokosi la katundu kumbuyo kuti apeze malo. Anayesa kukhala cham'mbali monga amachitira pa kabaza kumudzi, ndipo ndinauza mtengo wa magetsi wa pamsewu kuti lamulo la kuno limafuna mwendo uku, mwendo uku. Anamvera, koma anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, theka la thupi lili pa kaliyala, manja atagwira chitsulo chakumbuyo, kuti ngakhale jekete langa lisawakhudze.

Kumbuyo kwa njinga yanga kuli mashoko awiri, uku ndi uku, zitsulo za sipuling'i zomwe zimameza mabampu. Pansi pa sipuling'i iliyonse pali mphete yokhala ndi masitepe asanu. Ukaizungulira kukweza sitepe, njinga imalimba kuti inyamule zolemera. Ine ndine wochepa thupi, Esnati amati tsiku lina mphepo ya ku London idzanditenga, choncho mphete zanga zinali pa sitepe yoyamba, yofewetsetsa. Shoko yakumanzere inali itayambanso kulira pang'ono, go, go, chifukwa labala la pomangira pake linali litadyeka. Ndili ndekha, kulirako kunali kwa ulemu.

Pa hampu yoyamba ya mumsewu mwathu inasiya ulemu. Inangoti gu, chitsulo kugunda chitsulo, mpaka ndinamva m'mano.

Cha ku Ilford tinalowa mu North Circular, msewu waukulu umene umazungulira London chakumpoto. Apa ndi pamene mantha anandigwira zenizeni. Kulemera konse kunali kuseri kwa tayala lakumbuyo, njinga itakhala pansi ngati galu wopempha, ndipo tayala lakutsogolo linkangopsopsona msewu. Ndikawonjezera moto, chiwongolero chinkagwedezeka chokha m'manja mwanga. Kumanja kunali chilole, kumanzere basi, ine ndikudutsa pakati ndi mayi wa mkazi wanga. Ndinayamba kuganiza zomwe ndikanakauza Esnati zinthu zikanalakwika.

Titadutsa Walthamstow ndinamva fungo la labala lopserera. Pa bampu iliyonse, pambuyo pa gu uja, pankabwera kulira kwina, fwee, ngati munthu akunola mpeni. Tayala linali litayamba kukhula madigadi. Tayala likaphulika pamsewu umenewo palibe amene amakufunsa kuti umapita kuti.

Ndinapatukira pomwetsera mafuta ku Edmonton. Apongozi anatsika n'kukaima chapatali, pafupi ndi mpope wa mpweya, chisoti chili kumutu. Ndinagwada. Tayala linali ndi mzere wonyezimira pomwe limakhulapo. Shoko yakumanzere inali itanyowa mafuta, ndipo nditaigwedeza ndi dzanja inasewera pomangira pake. Ndinapisa m'thumba kufuna sipanala ya mphete, kachitsulo kopindika ngati chikwakwa. Apo ndi pamene ndinakumbukira kuti inatsala m'bokosi lija, pakhonde ku Barking. Ndinagwira njakata.

"Boyi, iyo shock yasila."

Anali mwamuna wonenepa, wa ndevu za imvi, atakhala pa njinga yakeyake akudya samusa. Chitenje cha apongozi ndi chomwe chinamuuza kuti ndife a kufupi ndi kwawo. Anati ndi Tembo, wa ku Lusaka, koma kumudzi kwawo ndi ku Chipata. Ndinamuuza mwachidule komwe timapita. Sanafunsenso zambiri, anangosiya samusa pa thanki n'kutulutsa sipanala pansi pa mpando wake. Akuluakulu sananame, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Ndinakweza njinga pa sitandi, iye n'kumazungulira mphete. Imodzi, ka. Ina, ka. Anazifikitsa zonse pa sitepe yachisanu, kenako anakhwimitsa nati ya pomangira paja mmene akanathera.

"Manje mvela," anatero akupukuta m'manja. "Spring nalimbisa, but mafuta mulibe mu iyi, izayamba kujumpa. Na bush yadyeka. Izakufikisa ngati ba mummy bankala pafupi na iwe. Weight ifunika pakati, osati ku last uko. Bakugwile mu chiuno."

"Ndi apongozi anga," ndinatero motsitsa mawu.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana apongozi, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Aa, ni so? Na kwathu ku Chipata viliko." Anapita kukaima pakati pathu, n'kuvula chisoti chake mwaulemu. "Ba mummy, bakamba ati munkale pafupi, mubagwile."

"Muwauze kuti ndamva," apongozi anatero. "Muwauzenso kuti ine ndakalamba osagwirapo mkamwini, sindingayambire kuno kwa eni."

"Bakana," Tembo anandiuza, ngati kuti ndinali ku Lusaka.

Foni inaliranso. Anali mnzake wa Esnati uja, ndipo ndinaika mawu pamtunda kuti onse amve.

"Alamu, muli pati? Asankha operation. Akungodikira theatre imasuke, any time amutenga. Akulira, akuti sakufuna kulowa asanawaone amayi."

Chapatali m'fonimo munamveka mawu a Esnati. Sanali mawu a mkazi amene amandikalipira za nsapato pakhomo. Anali a kamwana. Ndinaona manja a apongozi akufinya lamba wa chikwama.

Anatsitsa chikwama chija kumsana, n'kuchibereka kutsogolo, pamimba. Anakwera njinga, anasendera mpaka chikwamacho chinandigunda msana, kenako manja awiri anadutsa m'mbali mwake n'kugwira jekete langa, kumanja ndi kumanzere.

"Ndagwira chikwama changa," anauza mpope wa mpweya. "Tiyeni."

Tembo anakana ndalama. Ndinamusiya akufunafuna samusa yake, yomwe inali itagwera pansi.

Kusiyana kwake ndinakumva tisanatuluke n'komwe pamalopo. Tayala lakutsogolo linagwira msewu, chiwongolero chinakhazikika, fwee uja anatha. Koma Tembo sananame. Shoko yopanda mafuta simeza bampu n'kukhala chete, imakubwezera. Tikaponda pokumbika, kumbuyo kunkadumpha kawiri katatu, go-go-go, ndipo nthawi iliyonse manja aja ankakoka jekete mpaka zipi kundikanikiza pakhosi. Ndinayenda mosamala, maso ali pa phula, kuzemba chivundikiro chilichonse cha ngalande. Mtima unkati thamanga, njinga inkati yesa uone.

Cha ku Bounds Green msewu umapanikizika, ndipo magalimoto anali ataima mpaka komwe maso amalekezera. Ndinalowa pakati pawo pang'onopang'ono, mawondo a apongozi akudutsa pafupi ndi magalasi a eni ake. Pa maloboti ena mnyamata wovala malaya a timu ya mpira anatsitsa galasi n'kufuula m'Chingerezi kuti njinga yanga ikumveka ngati ikugwa zidutswa. Ndinamuthokoza. Apongozi anafunsa mphepo kuti mzunguyo akuti chiyani, ndipo ndinauza mphepo yomweyo kuti akutifunira ulendo wabwino.

Pa mlatho wa ku Brent Cross pali mizere ya zitsulo yolumikiza msewu. Ndinaiona mochedwa. Njinga inati gu, kumbuyo kunanyamuka, n'kutera chopendekera kumanzere, kufupi ndi tayala la vani yoyera. Ndinamva chisoti cha apongozi chikugunda changa. Ndinasiya moto, osakhudza buleki, ndikungoti Mulungu wanga, Mulungu wanga, mpaka njinga inawongoka yokha. Kenako ndinamva chinthu chotentha chikutsetsereka pamsana panga, kulowa mu lamba. Ndinaganiza za magazi. Fungo ndi limene linandiuza kuti ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Fulasiki inali itatsekuka pakati pathu.

"Musaime," anatero apongozi. Sanauze mphepo, sanauze mpope. Mawuwo anabwera m'khutu mwanga mwenimweni.

Ku Neasden tinayamba kuona uta woyera wa pamwamba pa sitediyamu, ndi chikhamu cha anthu a mpira akuimba m'mbali mwa msewu ngati padziko palibe wodwala. Ndinapatuka, ndinadutsa timisewu ta mahampu, iliyonse ikundilipiritsa ndi gu wake. Titafika pachipatala ndinasiya njinga pomwe inaimira. Sindikumbukira ngati ndinachotsa kiyi.

Tinamupeza Esnati m'khonde, ali kale pa bedi la matayala, atamuveka kachipewa ka pepala. Ataona chisoti ndi chitenje zikubwera pamodzi anayamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Apongozi anamugwira nkhope ndi manja onse awiri, n'kumamuuza zinthu zomwe sindinamve. Namwino anadikira pang'ono, kenako ananena kuti nthawi yakwana, ndipo wololedwa kulowa naye ndi munthu mmodzi yekha.

Ndinabwerera m'mbuyo. Kwathu mwamuna safika komwe mkazi akuchirira, ndipo amene ankaitanidwa masana onse si ine. Koma apongozi anavula chisoti, duku lili pambali, n'kutembenuka. Chikwatirireni mwana wawo, aka kanali koyamba kuti andiyang'ane m'maso.

"AMbewe, lowani ndinu. Ine Chingerezi chawocho sindimva, akafunsa kanthu ndidzangoti kakasi. Wandiona, zakwana. Mukamugwire mwana wanga mmene ndakugwirirani inu panjira."

Ndinalowa ndi phala kumsana, atandiveka chovala cha buluu pamwamba pake. Ndinagwira dzanja la Esnati mpaka tinamva kulira kwa kamtsikana, kakang'ono ngati botolo la sobo, koma ka mawu a mayi ake. Ndinalira, sindibisa.

Nditatuluka kukaona njinga, pansi pa shoko yakumanzere panali kadziwe ka mafuta, ndipo nati ija inali itatsala pang'ono kumasuka. Ndinakhala pansi pomwepo kwa kanthawi.

Ulendo umenewu unandiphunzitsa kuti njinga sidziwa manyazi. Wonyamulidwa akakhala patali ndi wonyamula, onse awiri amagwa. Kunyumba apongozi anabwereranso kuyankhula ndi fuliji, ndipo inenso ndimayankha kudzera momwemo, palibe amene wadandaula. Sabata yotsatira makaniko wa ku Barking anandiikira mashoko atsopano, n'kufunsa ngati aike mphete pa sitepe yoyamba, poona thupi langali. Ndinati aike pachitatu. Imandipweteka msana ndikakhala ndekha, koma sipanala ili pansi pa mpando tsopano, ndipo apongozi auza kale ketulo kuti Lamulungu akufuna kukaona msika wa ku Peckham.