Mpira Umene Unakhota

Mlamu wanga, mlongo wake wa malemu mkazi wanga, anabwera kuchokera ku migodi m'zaka za m'ma fifite ali ndi njinga, jekete, ndi kamenyedwe ka mpira komwe kwathu ku Mlolo tinali tisanakaonepo. Enafe tinkamenya ndi chala chachikulu pakati penipeni, mpira n'kupita kumene wauloza. Iye ankaudzera cham'mbali. Phazi lamanzere ankaliponda pafupi ndi mpirawo, thupi n'kupendekeka ngati nthochi yolemedwa ndi mkoko, kenako n'kuukwapula m'nthiti ndi fupa la m'kati mwa phazi. Unkachoka ukuzungulira, n'kuyamba ngati ukupita kutchire, kenako n'kubwerera.

Nditamufunsa anaseka. "Alamu, chinthu chozungulira chimakankhana ndi mphepo. Ponyani chitsononkho mochipotoza muone."

Dzinja lina tinasewera ndi a ku Zingalume mvula itangokata. Mpira wathu unali wachikopa, ndipo unamwa madzi mpaka kulemera ngati dzungu. Mmodzi wa iwo ataugwira ndi dzanja pafupi ndi golo lawo, mphunzitsi amene ankaimbira masewerowo anatipatsa firikiki. A ku Zingalumewo anaima mondondozana kupanga mpanda. Goloboyi wawo, bambo wowonda amene ankadwaladwala malungo, anakuwa ali kumbuyo kwawo.

"Iwe wa ku migodi, menya tione! Kuno kulibe azungu okuombera m'manja!"

Mlamu anamenya. Mpira unalambalala mpanda uja ngati ukutuluka kunja, goloboyi n'kutsitsa manja akuseka. Pomwepo unakhota n'kumufikira m'munsi mwa nthiti zakumanzere. Anagwa, anadzuka, anamaliza masewero. Koma ali m'njira yobwerera kwawo anayamba kupempha madzi, milomo itayera, mimba ikutupa. Anamukweza pangolo kupita naye ku boma, ndipo anatsirizika asanafike. Wothandiza pachipatala anati kapamba wake anali wotupa kale ndi malungo, tsono anaphulika.

Pamaliro anthu sankakamba za kapamba. Ankati mpira sukhota wokha, unachita kumutsata. Ankati ku migodi anthu amatemera mapazi.

Akulu ampingo anatiitana. Ine ndinali mkamwini chabe m'mudzimo, mawu anga opepuka, komabe ndinanena zimene maso anga ankaona: kaimidwe ka mlamu, mbali ya phazi, kuzungulira kwa mpira. Anandimvetsera mwaulemu. Kenako mkulu wina, munthu wabwino amene anandiphunzitsa katekisima, anati, "Ngati mulibe kanthu m'phazimo, asambe pamaso pathu, amenyenso. Ukakhota, nkhani yatha."

Mlamu anavomera msanga. Anamusambitsa mapazi ndi sopo pabwalo la sukulu, akuyang'ana ngati pali mphini. Anthu anadzaza, abale a malemu ali kutsogolo, mkazi wamasiye atakhala pansi mutu uli mpala. Ndinayang'ana bondo la mlamu, linkanjenjemera. Kumenya kuja kumafuna thupi lomasuka, chiuno chotembenuka chonse, ndi mtima wofuna kumenya zolimba. Iye analibenso mtima umenewo. Anathamanga molunjika, osapendekeka, n'kuugunda pakati ndi chala monga tinkachitira tonsefe. Mpira unapita mowongoka, osazungulira, n'kukagwera muudzu.

Kenako wina kumbuyo anati, "Mwaonatu. Wasamba, zatha mphamvu."

"Ndi mantha awa," ndinatero. "Sanaime monga amaimira. Mulekeni ayesenso."

"Inu ndi alamu ake," anayankha mkulu uja mofatsa. "Mukanati chiyani?"

Mlamu sanapemphe kuyesanso. Anatola jekete lake n'kumapita.

Anthu aja sindiwaweruza. Anali ataika munthu m'manda, ndipo anaona ndi maso awo mpira ukukhota tsiku lina, tsiku lina osakhota. Mulungu yekha ndiye anaona bondo lija monga ndinalionera ine.

Ampingo anamuimitsa mlamu kudya mgonero. Pachitsime akazi ankasiya kulankhula mkazi wanga akafika, ndipo ana ankathawa akaona njinga ya mlamu. Chimanga chisanaume, iye anabwerera ku migodi, kusiya mbumba yake yopanda woiyang'anira. Munda wake tinakolola ndife awiri, ine ndi mkazi wanga, osalankhulana. Chimangacho tinachiika m'nkhokwe yake kuti adzachipeze, mpaka anankafumbwe anachimaliza. Sanabwerenso, ngakhale pamaliro a mlongo wake.